Mbewu ya magazi ili kale m'mafupa mwanu

Mwina zidakuchitikiranipo. Mnzanu wa kuntchito, kapena mlamu wanu amene, akutulutsa timapaketi ta ufa m'chikwama n'kukuuzani kuti awa ndi mankhwala a stem cell. Akuti mukamathira ufawo kunsi kwa lilime m'mawa uliwonse, shuga atha, BP itsika, khansa iuma, ngakhale kachilombo ka HIV kachoka. Mtengo wake ndi woboola m'thumba, koma m'nyumba mukakhala matenda munthu amagulitsa ngakhale mbuzi yomaliza.

Musanatulutse ndalamayo, ndi bwino mudziwe chimene mawu akuti stem cell amatanthauza. Maselo amenewa alipodi, si nkhambakamwa ayi, ndipo apulumutsa anthu ambirimbiri amene madokotala akadawatayira madzi. Koma sagulidwa m'paketi. Muli nawo kale m'mafupa mwanu, ndipo pamene mukuwerenga nkhani ino, ena ochepa akuyenda m'magazi anu.

Magazi amatha tsiku ndi tsiku

Munthu wamkulu amakhala ndi magazi okwana pafupifupi malita 5. M'magazimo muli maselo a mitundu itatu. Ofiira amanyamula mpweya wabwino kuchokera m'mapapo kupita nawo m'thupi monse. Oyera ndi aja timawatchula kuti asilikali a m'thupi, olimbana ndi tizilombo toyambitsa matenda. Achitatu ndi mapulateleti, amene amaumitsa magazi pabala mukadzitema ndi chikwanje.

Maselo onsewa sakhalitsa. Selo lofiira limakhala masiku pafupifupi 120 basi. Mapulateleti amatha pa masiku 8 mpaka 10, ndipo asilikali a mtundu wina sapitirira masiku owerengeka. Choncho magazi amene muli nawo lero si amene mudali nawo chaka chatha. Kuti musafe ndi kuchepa kwa magazi, thupi lanu limapanga maselo ofiira atsopano pafupifupi 2 miliyoni pa sekondi iliyonse, usana ndi usiku, osapumula.

Ntchito yonseyi imachitikira m'mafuta a m'mafupa, ofanana ndi aja mumayamwa mukaswa fupa la nkhuku. Kwa munthu wamkulu, magazi amapangidwa makamaka m'mafupa a m'chiuno, a msana, nthiti, fupa la pachifuwa ndi chigaza.

Mbewu ndi mbande

Mlimi wanzeru akakolola sadya chimanga chonse. Amasankha zitsononkho zabwino n'kuzipachika pamwamba pa moto kuti zidikire mvula. Thupi nalo lili ndi mbewu yake ya magazi. Awa ndi maselo amene madokotala amawatchula kuti stem cells. Ndi ochepa kwambiri, ndipo nthawi zambiri amangokhala phee m'mafupa. Selo lotere likagawikana limatha kubereka lina lofanana nalo, kotero kuti mbewu siitha mpaka munthu kukalamba. Limathanso kubereka selo limene lidzasanduke lofiira, loyera kapena pulateleti.

Pakati pa mbewu ndi selo lokhwima pali gulu lina lotchedwa progenitor cells. Awa tingawayerekeze ndi mbande za panazale. Mbande yamera kale, yadziwika kuti ndi ya tomato kapena ya kabichi, ndipo siingabwererenso kukhala njere. Maselo a mbandewa amachulukana mwachangu, ndipo ndi amene amagwira ntchito yaikulu yodzaza magazi tsiku lililonse, koma sakhala mpaka kalekale ngati mbewu.

Katswiri wina wa ku Russia, Alexander Maximow, adanena mu 1909 kuti maselo onse a magazi ayenera kuti amachokera kwa kholo limodzi. Umboni wake udadza patapita zaka zoposa 50. Mu 1961, James Till ndi Ernest McCulloch a ku Toronto, m'dziko la Canada, adabaya maselo a m'mafupa m'thupi la mbewa zimene mafuta awo a m'mafupa adali atawonongedwa dala. Pa kapamba wa mbewazo padamera timatuza todzaza ndi maselo a magazi, ndipo patatha zaka ziwiri zidatsimikizika kuti kathuza kalikonse kadachokera ku selo limodzi lokha.

Mbewu imene imayenda

Mungaganize kuti mbewu yofunika chonchi imangokhala m'nkhokwe. Ayi ndithu. Mu 1962 akatswiri ena adapeza kuti ina imapezekanso m'magazi oyenda m'mitsempha ya mbewa, ndipo pambuyo pake zidadziwika kuti ndi chimodzimodzi kwa anthu. Madokotala amaiwerenga pofufuza chizindikiro chotchedwa CD34 chimene chimakhala pa khungu la maselowa. Amene mumalandira ma ARV musasokoneze ndi CD4; izi ndi ziwiri zosiyana. Kwa munthu wabwinobwino, maselo a CD34 sakwana ngakhale limodzi pa maselo oyera 1,000 alionse a m'magazi.

Ulendo umenewu udayamba inu musanabadwe. Mwana akakhala m'mimba, magazi ake amapangidwa m'chiwindi kwa miyezi ingapo. Kenako mbewu imasamuka kudzera m'magazi kukakhazikika m'mafupa, momwe idzakhale moyo wake wonse. N'chifukwa chake magazi a m'chingwe cha mchombo ndi m'nsengwa amakhala ndi mbewu yochuluka pa tsiku lobadwa.

Ngakhale munthu atakula, mbewu ina imatulukabe m'fupa, kuzungulira, n'kulowanso m'fupa lina kumene kuli malo. Thupi likakumana ndi vuto, monga matenda aakulu, kuvulala kapena kutaya magazi, yotuluka imachuluka. Chofunika kwambiri n'chakuti maselowa amadziwa njira ya kwawo. Mukawathira mumtsempha wa pamkono, amayenda okha kukapeza mafupa n'kukhazikikamo. Chithandizo chonse chosintha mbewu ya magazi chagona pa khalidwe limeneli.

Kubzala munda watsopano

Pali matenda amene amawononga munda weniweniwo. Mu khansa ya m'magazi, maselo osakhwima amachulukana mopanda malire ngati kaufiti m'chimanga, mpaka abwino kusowa malo. M'matenda ena mafuta a m'mafupa amangouma n'kusiya kupanga magazi. Zikatero, kuthira magazi kumangothandiza kwa milungu yochepa. Chofunika ndi mbewu ina.

Dokotala wa ku America, E. Donnall Thomas, adayamba kuyesa kuika mafuta a m'mafupa a munthu wina mwa odwala m'zaka za m'ma 1950. Ambiri mwa odwala oyambawo adamwalira, koma iye sadagwe mphwayi, ndipo mu 1990 adalandira mphoto ya Nobel chifukwa cha ntchitoyi. Mu 1988, ku Paris, dokotala Eliane Gluckman adachiza mnyamata wa zaka 5 amene mafupa ake ankalephera kupanga magazi, pogwiritsa ntchito magazi a m'chingwe cha mchombo cha mlongo wake wobadwa kumene.

Poyamba njira idali imodzi yokha: kumugoneka tulo wopereka n'kuyamwa mafuta m'fupa la m'chiuno ndi singano yaikulu. Masiku ano odwala akuluakulu ambiri amalandira mbewu yotengedwa m'magazi. Wopereka amabayidwa jakisoni wa mankhwala otchedwa G-CSF kwa masiku 4 kapena 5. Mankhwalawa amachititsa kuti mbewu ichulukane n'kusefukira m'magazi. Ambiri amamva kuphwanya m'mafupa ndi mutu, koma zimatha pa masiku ochepa. Kenako amakhala pampando kwa maola 4 mpaka 6, magazi akutuluka mkono umodzi, kudutsa m'makina amene amapatula maselo ofunikawo, n'kubwerera kudzera mkono winawo. Palibe opaleshoni, ndipo thupi la woperekayo limabwezeretsa mbewu yakeyo pa milungu yochepa.

Kwa wodwala ndiye kuli chintchito. Amayamba walandira mankhwala amphamvu opha mafuta ake a m'mafupa, monga mmene mlimi amasosera munda asanabzale. Mbewu yatsopano imalowa ngati diripi. Ndiye pamabwera milungu iwiri mpaka inayi yodikira kuti imere. Pa nthawi imeneyi munthuyo alibe asilikali m'thupi, ndipo kachilombo kamene inu simungakamve n'komwe kangathe kumupha. Amagonekedwa m'chipinda chayekha, ndipo amafuna magazi ndi mapulateleti operekedwa ndi anthu ena. Ngakhale mbewu itamera, nthawi zina asilikali atsopanowo amaona thupi la wodwalayo ngati mdani n'kuyamba kuwononga khungu, matumbo ndi chiwindi. Ena amakhala osabereka chifukwa cha mankhwala aja, ndipo ena amamwalira.

Komanso si mbewu ya aliyense imene ingamere mwa inu. Pamafunika kufanana kwa zizindikiro za chibadwa zotchedwa HLA, zomwe ndi zosiyana ndi gulu la magazi la A, B kapena O. Mwayi woti m'bale wanu wa bere limodzi, wa bambo mmodzi, afanane nanu ndi umodzi pa inayi. Akasowa m'banja, madokotala amafufuza m'kaundula wa anthu odzipereka, monga South African Bone Marrow Registry imene idakhazikitsidwa mu 1991. Vuto ndi lakuti anthu akuda olembetsa m'makaundula a padziko lonse ndi ochepa, choncho wodwala wa kuno amavutika kupeza wofanana naye. Abale athu amene muli ku South Africa kapena ku Britain, kumene makaundulawa alipo, kulembetsa kwanu kungapulumutse munthu amene simudzamuona n'komwe.

Ana a sickle cell

Nkhaniyi ikutikhudza kwambiri tikafika pa matenda a sickle cell. Mwana amabadwa nawo akatengera chibadwa chake kwa bambo ndi mayi omwe. Maselo ake ofiira amapindika ngati zenga, amatseka timitsempha, ndipo amafa msanga. Mwanayo amatupa manja ndi mapazi akadali wakhanda, maso amachita chikasu, amalira ndi ululu wa m'mafupa, ndipo magazi amamuthera kawirikawiri. M'midzi yambiri banja lotere limayamba kulozana zala za ufiti. Mu 2021 ana oposa 500,000 adabadwa ndi matendawa padziko lonse, ndipo ochuluka kwambiri mwa iwo adabadwira mu Africa muno, kum'mwera kwa chipululu cha Sahara.

Popeza vuto lili mu mbewu, kusintha mbewu kumachiza matendawa. Izi zidaoneka koyamba mu 1983 ku Memphis, m'dziko la America, pamene mtsikana wa zaka 8 amene adali ndi khansa ya m'magazi komanso sickle cell adalandira mafuta a m'mafupa a mlongo wake, matenda onse awiri n'kutha. Masiku ano ana pafupifupi 9 mwa 10 alionse amene alandira mbewu ya m'bale wofanana nawo amachira. Kwa ana otere madokotala amakonda kutenga mbewuyo m'fupa, chifukwa yotengedwa m'magazi imaukira thupi la wolandira kawirikawiri. Chipatala cha Benjamin Mkapa ku Dodoma, kwa anansi athu ku Tanzania, chidayamba kupereka chithandizochi kwa ana mu 2023.

Chaka chomwecho, mayiko a Britain ndi America adavomereza njira ina yotchedwa Casgevy. Madokotala amatenga mbewu ya wodwala mwiniwakeyo m'magazi ake, kuikonza chibadwa mu labotale, n'kuibwezera. Mtengo wake ku America ndi madola 2.2 miliyoni pa munthu mmodzi. Ndani wa ife angaifike?

Koma kholo la mwana wa sickle cell lisataye mtima. Pali zimene zimatalikitsa moyo wa mwana ndipo zili pafupi: kumuyezetsa msanga, katemera yense, penisilini wa tsiku ndi tsiku, kugona m'neti ndi kuthamangira kuchipatala thupi likangotentha, kumwa madzi ambiri, ndiponso mankhwala a hydroxyurea amene amachepetsa ululu ndi kuthiridwa magazi pafupipafupi. Zipatala za Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe zimaona ana a matendawa, ndipo chipatala chanu chapafupi chingakutumizeni koyenera.

Nanga za HIV zija?

Ogulitsa timapaketi amakonda kunena kuti stem cell idachiza munthu wa HIV. Nkhaniyo ili ndi gwero lake. Timothy Ray Brown, wa ku America, adali ndi kachilomboka ndipo adadwalanso khansa ya m'magazi ali ku Berlin. Mu 2007 adalandira mbewu ya magazi kuchokera kwa munthu amene adabadwa ndi maselo opanda khomo lotchedwa CCR5, limene HIV imalowerapo. Kachilomboko sikadabwererenso mpaka pamene iye adamwalira ndi khansa mu 2020. Mu 2019 zidamveka kuti munthu wina ku London wachira m'njira yomweyo, ndipo pali ena owerengeka chabe.

Onsewa adalandira chithandizochi chifukwa khansa idafuna kuwapha, osati chifukwa cha HIV. Palibe dokotala amene angaike munthu wathanzi, amene ma ARV akumuyanja, pa chiswe chotere. Ngati muli pa ma ARV, musasiye ngakhale tsiku limodzi chifukwa cha ufa wa m'paketi. Kachilombo kamadzuka pa milungu yochepa, ndipo kangathe kupima mankhwala amene ankakuthandizani.

Okonza mitsempha

M'magazi mumayendanso mbande za mtundu wina zimene zimakhudzana ndi mitsempha. Mu 1997 Takayuki Asahara ndi anzake ku Boston adalengeza kuti apeza maselo amene amathandiza kukonza khoma la m'kati mwa mitsempha ndi kumeretsa timitsempha tatsopano pamalo povulala. Mu 2005 madokotala a ku Germany adatsata odwala mtima 519 kwa chaka chimodzi, ndipo adapeza kuti amene adali ndi maselowa ochepa m'magazi ndi amene ankamwalira kwambiri ndi matenda a mtima.

Kafukufuku wotsatira adaonetsa kuti ambiri mwa maselowa sasanduka khoma la mtsempha, koma amatulutsa timadzi tolimbikitsa maselo a pamalopo kuti akonze okha. Kuyesa kuwabaya mumtima wa odwala kwapereka phindu lochepa, ndipo sichinakhale chithandizo cha masiku onse. Chimene chaoneka mobwerezabwereza n'chakuti maselowa amachepa ndi kufooka mwa anthu osuta fodya, a shuga wosasamalidwa, a BP yokwera ndi okalamba, ndipo amachuluka munthu akamagwiritsa ntchito thupi lake kapena akasiya fodya. Ichi chingakhale chimodzi mwa zifukwa zimene chilonda cha paphazi la munthu wa shuga chimachedwera kupola.

Mpingo ukutipo chiyani?

Akhristu ena amamva kuti Mpingo umakana za stem cell. Si zonse ayi. Pa 29 Ogasiti 2000, Papa Yohane Paulo Wachiwiri adalankhula kwa madokotala oika ziwalo pa msonkhano wawo ku Roma. Adayamikira kupereka chiwalo ngati ntchito ya chikondi, ndipo adalimbikitsa kafukufuku wa maselo otengedwa mwa anthu akuluakulu. Chikalata cha Dignitas Personae cha mu 2008 chidafotokoza kuti n'kololedwa kutenga maselowa mwa munthu wamkulu popanda kumuvulaza, kapena m'chingwe cha mchombo mwana akabadwa. Chimene Mpingo umakana ndi kuwatenga powononga mluza, kamwana kongoyamba kumene kupangika. Zonse zimene mwawerenga m'nkhani ino ndi za gulu lololedwalo, choncho mkhristu angapereke kapena kulandira mbewu ya magazi ndi mtima woyera.

Tibwerere ku paketi ija

Tsopano taganizirani. Mbewu ya magazi ndi selo lamoyo. Kuti ifike kwa wodwala imafuna kufanana kwa chibadwa, imasungidwa mozizira kwambiri, imalowa kudzera mumtsempha, ndipo munda umayenera kusosedwa kaye. Ufa wouma umene wayenda m'chikwama padzuwa la Okutobala ulibe selo lamoyo. Ngakhale likadakhalamo, m'mimba mukadaligaya ngati ndiwo. Timapaketi tambiri timalembedwa kuti maselo ake ndi a zipatso monga maapozi kapena mphesa. Selo la chipatso silingasanduke magazi a munthu, monga momwe njere ya dzungu singabereke mbuzi. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Munthu akakuuzani kuti mankhwala amodzi amachiza shuga, khansa, kusabereka ndi HIV, imeneyo ikhale belu lokuchenjezani. Akakuuzaninso kuti mukakopa anzanu asanu mudzalemera, dziwani kuti nkhani yake ndi ya malonda. Tengani paketiyo mukaonetse adokotala kapena anamwino, ndipo funsani ngati bungwe loona za mankhwala la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority lidaivomereza kuti ichize matenda amene akutchulidwawo.

Samalani mbewu imene muli nayo

Mbewu yanu imafuna zipangizo kuti ipange magazi. Idyani nyemba, nandolo, bonongwe, chisoso, nkhwani, usipa, mazira ndi chiwindi pamene zapezeka, ndipo amayi oyembekezera amwe mapiritsi owonjezera magazi amene amalandira kusikelo. Malungo ndi njoka za m'mimba zimadya magazi mofulumira kuposa mmene mafupa angabwezere, choncho neti ndi mankhwala a njoka n'zofunika. Petulo ali ndi poizoni wotchedwa benzene amene amawononga mafuta a m'mafupa ndi kuyambitsa khansa ya m'magazi; chizolowezi chokoka petulo ndi pakamwa kudzera m'paipi, kapena kusamba nayo m'manja pochotsa girisi, chilekeke. Siyani fodya, yendani, limani, palasani njinga, ndipo ngati muli ndi shuga kapena BP imwani mankhwala anu mokhulupirika.

Amayi, kachilireni kuchipatala. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mwana akabadwa bwinobwino padutse mphindi imodzi mpaka zitatu asanamange chingwe cha mchombo, kuti magazi otsalira m'nsengwa, pamodzi ndi mbewu yake, alowe mwa mwanayo. Zimenezi zimamuteteza ku kuchepa kwa magazi m'miyezi yoyamba.

Muthamangire kuchipatala mukaona mwana kapena wamkulu akuyera m'manja ndi m'maso, akufooka, akutuluka magazi m'nkhama kapena m'mphuno popanda chifukwa, akuchita mikwingwirima asanamenyedwe, kapena akutentha thupi mobwerezabwereza pamene malungo sakupezeka. Pemphani kuti ayeze magazi onse.

Pomaliza, ngati muli ndi thanzi, perekani magazi. A Malawi Blood Transfusion Service amatenga pafupifupi theka la lita, ndipo mbewu yanu imabwezeretsa maselo ofiirawo pa milungu ingapo. Magazi amasowa kwambiri sukulu zikatsekera, chifukwa opereka ambiri ndi ophunzira. Mwana wa sickle cell amene wagona m'wodi usiku uno akudikira botolo limodzi la magazi, ndipo lingachokere mwa inu. Ndalama ya mbuzi ija isungeni, idzakhale ya thiransipoti yopitira kuchipatala.